Usiku wa amapiano ndi house ku Johannesburg: mafunso ndi mayankho

Amalawi ambiri okhala ku Joni amazimva nyimbozi tsiku lililonse, mu takisi, ku saluni, pa foni ya mnzawo wa kuntchito, koma sanapondeko kumalo kumene zimaimbidwa usiku wonse. Ena amapitako ndithu, koma anzawo akayamba kukangana za zimbale iwo amangoti duu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pakati pa anthu otere.

Kodi nyimbo za electronic n'ziti? Si zija za azungu zongogunda du-du-du?

Ndi nyimbo zimene zimapangidwa ndi makina komanso kompyuta, osati gulu la anthu onyamula magitala. Koma zoti ndi za azungu ayi. House inabadwira ku Chicago kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'makalabu a anthu akuda, ndipo DJ amene amatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake ndi Frankie Knuckles wa ku kalabu ya Warehouse. Techno inachokera ku Detroit, kwa anyamata atatu akuda: Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson. House itafika ku South Africa, achinyamata a m'malokeshoni anaichepetsa liwiro, n'kuikamo mawu a chilankhulo chawo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 panatuluka kwaito ya akina Mdu Masilela, Boom Shaka ndi Trompies. Amapiano ndi mdzukulu wa zonsezi.

Amapiano, Afro house ndi gqom zimasiyana pati? Kwa ine zimamveka chimodzimodzi.

Yambani ndi liwiro. Amapiano imayenda mofatsa, kugunda pakati pa 110 ndi 115 pa mphindi. Afro house imathamangako, cha m'ma 120 kupita m'mwamba pang'ono, ndipo ng'oma yake yaikulu imagunda mosadukiza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Gqom ndi ya ku Durban: yolimba, yamdima, kugunda kwake kodumphadumpha, ndipo simumvamo zokometsera zambiri. Mukafuna kuimva bwino gqom, mverani chimbale cha DJ Lag cha 2022, Meeting with the King.

Chizindikiro cha amapiano ndi log drum, besi ija yomveka ngati chikuni cha mphako chikumenyedwa, imene imabwera mwadzidzidzi nyimbo itayenda kale mphindi ziwiri kapena zitatu. Anthu ambiri amati wopanga nyimbo MDU aka TRP ndiye anaitchukitsa. Pamwamba pake pamakhala maseche osaleka, piyano ya jazi, nthawi zina likhweru. Nyimbozi zinakulira m'malokeshoni a chigawo cha Gauteng chapakati pa zaka za m'ma 2010, ku Pretoria, ku Soweto, ku Alexandra, ku Katlehong ndi ku Vosloorus, ndipo mpaka lero anthu a malo amenewa amalimbirana kuti inayambira kwawo. Zambiri zinapangidwa m'zipinda zogona, pa laputopu yokhala ndi pulogalamu ya FL Studio, n'kumafalikira pa WhatsApp makampani a nyimbo asanadzidzimuke.

Masiku ano mumvanso anthu akutchula 3-step, imene imayenda pakati pa amapiano ndi Afro house, ndipo dzina lomwe limamveka nayo kwambiri ndi Thakzin.

Ndipite kuti, ndipo ndifike nthawi yanji?

Zimatengera chimene mukufuna. Ku Braamfontein, kufupi ndi yunivesite ya Wits, kumachuluka ophunzira ndipo mitengo ndi yofikirika. Ku Sandton ndi ku Rosebank kuli makalabu a anthu a ndalama zawo. Ku Soweto kuli makalabu akuluakulu, komanso malo ootchera nyama kumene gule amayamba masana Lamlungu. Kwa munthu woyamba, ine ndinganene kuti pitani Lamlungu masana kumalo ootchera nyamawo. Kumakhala kowala, mumaona nkhope za anthu, mumadya, ndipo mutha kubwerera kunyumba usiku usanakule.

Ngati ndi kalabu ya usiku, dziwani kuti DJ amene dzina lake lalembedwa zilembo zazikulu pa chithunzi cholengezera sakwera 9 koloko. Kawirikawiri amafika pakati pa usiku kapena kupitirira, chifukwa ma DJ otchuka amazungulira malo angapo usiku umodzi. Komabe musachedwe dala. Ma DJ otsegulira ndi amene amaimba modekha, nyimbo zakuya zomwe simungazimve pa wailesi, ndipo ambiri mwa akuluakulu a lero anayambira pomwepo, kuimbira mipando yopanda anthu.

Ndinyamule chiyani, ndivale bwanji?

Chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu, chifukwa malo ogulitsa mowa salola munthu wosakwana zaka 18 ndipo mabawunsa amafunsa. Kwa ife alendo, mapepala okhalira m'dzikomo akhale olongosoka. Nsapato zikhale zoti mutha kuimirira nazo maola ambiri. Malo ena sakulowetsani ndi kabudula kapena patapata, choncho onani kaye zomwe alemba pa Instagram. Matikiti ogula pasadakhale pa intaneti nthawi zambiri amatchipa kusiyana ndi a pakhomo.

Mukalowa mudzaona matebulo okhala ndi mabotolo m'zidebe za ayezi, atsikana ogwira ntchito atanyamula mabotolo othetheka moto kupita nawo kwa amene wagula. Zimenezo zisakusokonezeni mutu. Pali anyamata amene amathera malipiro a mwezi wonse pa tebulo limodzi kuti aoneke, kumudzi ana akudikira fizi. Malo ovinira salipiritsa tebulo, ndipo nyimbo imamveka bwino pakati pa bwalo kuposa pa sofa ya pakona.

DJ amachita chiyani kwenikweni? Si kungosindikiza batani basi?

Funso ili ndi lofunika kuliyankha mofatsa, chifukwa munthu akalimvetsa, usiku wonse amaumva mwina.

Imani pafupi ndi pamene pali DJ, muyang'ane manja ake. Kutsogolo kwake kuli makina awiri kapena anayi otchedwa CDJ, pakati pali mikisa. Wabaya fulashi yake. Nyimbo imodzi ikumveka kwa anthu onse, koma iye waika hedifoni khutu limodzi, phewa lakwera kuigwiriza, akumvera ina imene inu simunaimve. Akufananitsa liwiro la ziwirizo kuti zigunde pamodzi. Kenako amakweza yatsopanoyo pang'onopang'ono, koma besi yake waitsekera. Mumamva maseche achilendo akulowa pansi pa nyimbo yakale osadziwa kuti achokera kuti. Amadikira. Amawerenga kugunda m'magulu a 16 kapena 32. Pa nthawi yake, dzanja limodzi limapotokola kabatani kuchotsa besi yakale, linalo kutsegula yatsopano, ndipo chipinda chonse chimakuwa nthawi imodzi, manja m'mwamba, wina kumbuyo akuimba likhweru.

Limeneli ndi luso la manja, ndipo munthu atha kuliphunzira pa miyezi ingapo. Chovuta, chimene chimatenga zaka, ndi kusankha. DJ wabwino ali ngati woimba mbalule ku dambwe: maso ake ali pa mapazi a wovina, ndipo ng'oma imatsata phazi pamene phazi likutsatanso ng'oma. Akaona kuti anthu atopa, amatsitsa moto, n'kuika nyimbo ya mawu ofewa kuti apume osachoka pabwalo. Akaona kuti azimayi abwerera kumipando, amadziwa kuti walakwitsa penapake. DJ wongoponya nyimbo zotchuka motsatizana amakutopetsani pa ola limodzi. Wodziwa ntchito amakufikitsani mbandakucha osamva miyendo.

Ndipo amene amati ndi ntchito yaulesi akaonere Black Coffee, DJ wotchuka wa ku South Africa. Dzanja lake lamanzere linavulala mu February 1990, galimoto itawomba khamu la anthu amene ankasangalalira kutuluka kwa Nelson Mandela m'ndende. Zonse zimene ndafotokozazi iye amazichita ndi dzanja limodzi, ndipo wazichita ku kalabu ya Hï Ibiza ku Spain Loweruka lililonse m'nyengo yotentha kwa zaka zambiri, komanso ku Madison Square Garden ku New York mu 2023.

Ndinamva nyimbo yokoma ku kalabu, koma pa chimbale cha DJ yemweyo mulibe. Zatheka bwanji?

Zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba, DJ saimba nyimbo zake zokha. Kupanga nyimbo ndi ntchito ina, kuimba pa kalabu ndi ntchito ina, ngakhale munthu mmodzi atazigwira zonse. Chachiwiri, mu amapiano muli chizolowezi chosunga nyimbo zosatulutsidwa. Wopanga nyimbo amaimaliza masana, usiku womwewo n'kukaiyesa pa anthu. Ikawagwira, amaisunga miyezi, kugawirako anzake ochepa okha, anthu n'kumaifunafuna pa TikTok kudzera m'timavidiyo tojambulidwa pa foni. Zina zimatuluka patapita chaka, zina sizituluka n'komwe. N'chifukwa chake Shazam, pulogalamu ya pa foni yozindikira nyimbo, imakukanani nthawi zambiri m'malo amenewa.

Ndiye ngati moyo wa nyimbozi uli ku kalabu, chimbale n'chantchito yanji?

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amati amapiano ndi nyimbo za sabata imodzi. Ku kalabu nyimbo mumaimva mphindi zitatu kapena zinayi, yodulidwa mutu ndi mchira, itasankhidwa kuti ikuvinitseni. Pa chimbale mumaimva yonse monga mwini wake anaifunira: mmene imayambira ndi maseche okha, mmene piyano imalowera, nyimbo zofatsa zomwe palibe DJ angaziike 2 koloko usiku. Kalabu imakuuzani ngati nyimbo ili ndi mphamvu pa thupi. Chimbale chimakuuzani ngati munthuyo ali ndi zoti anene. Amene amadziwa chimodzi chokha mwa ziwirizi amaweruza molakwika, ndipo mikangano yambiri ya zimbale imene ndimaimva imakhala ya anthu awiri, wina akukamba za kalabu, mnzake akukamba za hedifoni, osazindikira kuti sakukamba chinthu chimodzi.

Ndiyambe ndi chimbale chiti cha amapiano?

Yambani ndi Kabza De Small. Mu 2019 iye ndi DJ Maphorisa anatulutsa Scorpion Kings, ntchito imene inathandiza kwambiri kutulutsa amapiano m'lokeshoni kupita pa wailesi za dziko lonse, makamaka chifukwa choika oimba mawu patsogolo. Mu June 2020, makalabu ali otseka chifukwa cha Covid-19, Kabza anatulutsa I Am the King of Amapiano: Sweet & Dust. Muli nyimbo 27, zogawidwa pawiri monga dzina likunenera: mbali yokoma ya mawu ndi mbali ya fumbi, yolimba, yovinira. Muli Wizkid ndi Burna Boy a ku Nigeria, chizindikiro choti nyimbozi zinali zitayamba kale kuoloka malire. Taganizani: chimbale cha gule chinatuluka nthawi imene kunalibe kovinira, anthu n'kumavina m'makhitchini akuonera Lockdown House Party pa Channel O ndi Balcony Mix ya Major League DJz pa YouTube.

Koma mukandifunsa chimene ndimachikonda, ndi KOA II Part 1 cha 2022. Ndi chimbale cha munthu wokhwima, chodzaza mapemphero ndi madandaulo, mawu a Msaki ndi Ami Faku akuyenda pamwamba pa log drum yofatsa. Nyimbo zina mmenemo mutha kuziimbira mayi anu opemphera osachita manyazi. Anthu okonda fumbi amati n'chozizira. Ine ndimati achimvere Lolemba m'mawa ali mu takisi kupita kuntchito, adzandiuze.

Anzanga amatamanda Kelvin Momo, koma nyimbo zake n'zazitali zedi. Ndikuphonya chiyani?

Mukuphonya kudekha. Kelvin Momo, wa ku Diepkloof ku Soweto, ndi mmodzi mwa atsogoleri a mtundu wa amapiano wotchedwa private school, umene umatsamira ku jazi ndi soul: sakisofoni, gitala, piyano yoyenda pang'onopang'ono. Nyimbo imodzi kutenga mphindi 7 kapena 8 si zachilendo, ndipo zimbale zake zina zimapitirira maola awiri. Momo's Private School chinatuluka mu 2020, Ivy League mu 2021, Amukelani mu December 2022, Kurhula mu December 2023.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kudumphira pakati kufunafuna pamene log drum ikugwera. Nyimbozi sanazipangire zimenezo. Ikani Amukelani mukuchapa kapena mukuphika, musagwire foni, muisiye iyende. Pofika nyimbo yachinayi khutu limakhala litazolowera, ndipo mumayamba kumva tinthu ting'onoting'ono: kamawu kobwerezedwa kutali, besi itasintha njira pang'ono chabe. Ndivomereze mbali imodzi ya odandaula: si nyimbo iliyonse pa zimbale zazitalizi imene inayenera kulowa, ndipo chizolowezi chodzaza nyimbo 25 kapena 30 pa chimbale chimodzi chafala mopitirira mu amapiano. Koma kwa Momo kutalikako kumakhala ndi kopita.

Subconsciously cha Black Coffee chinapata Grammy. Ndiye kuti ndi chimbale chake chopambana?

Mkangano uwu sudzatha. Zoona zake ndi izi: chimbalecho chinatuluka mu February 2021, ndipo mu April 2022 chinapambana Grammy ya chimbale cha dance ndi electronic, koyamba kuti munthu wa mu Africa atenge mphotho imeneyo. Muli Pharrell Williams, Usher, David Guetta, Diplo, komanso Msaki ndi Sun-El Musician akwawo. Ndi ntchito yosalala, yopangidwa mosamala, ndipo palibe wokonda nyimbo za kuno amene sananyadire tsiku limenelo.

Koma anthu amene anakula naye amakuuzani kuti mtima wa Black Coffee uli mu Home Brewed cha 2009 ndi Pieces of Me cha 2015, ndipo ine ndili mbali yawo. Subconsciously chinapangidwa chikuyang'ana kunja, nyimbo zofupikirapo, za Chingerezi zambiri, zoti zilowe pa wailesi ku London ndi ku Los Angeles. Home Brewed chinkayang'ana anthu ake. Mukamva Black Coffee akuimba pa kalabu, zimene amachita kwa maola awiri kapena atatu zimafanana kwambiri ndi zimbale zakalezo kusiyana ndi chija cha Grammy. Mverani zonse zitatu motsatizana zaka, kenako mulowe mkanganowo muli ndi zanu zonena.

Sindimva Chizulu kapena Chisotho. Ndingakambe nawo bwanji za zimbale?

Mutha. Funsani mnzanu wa konko kuti nyimbo ikunena chiyani. Anthu amasangalala kufotokoza nyimbo za kwawo, ndipo mudzadabwa kuti zambiri zikukamba za kupempha chitetezo kwa Mulungu ndi makolo, za umphawi, za mayi. Kupatula apo, kambani zomwe khutu lanu lamva. Ndi nyimbo iti imene munaibwereza? Ndi pati pamene chimbale chinakutayani? Woimba mawu uja anakometsa nyimboyo kapena anaiphimba? Ameneyo ndiye mkambirano weniweni, osati kuwerengerana kuti nyimbo yaonedwa kangati pa YouTube.

Ndingapemphe DJ kuti andiikire nyimbo?

Ku ukwati inde. Ku kalabu ayi, makamaka osati pomuonetsa foni kumaso ali mkati mosakaniza.

Sindimwa mowa, komanso kuvina sindidziwa. Ndikakhala mlendo?

Ayi. Anthu osamwa alipo ambiri, botolo la madzi m'manja, ndipo ndi amene amakumbukira bwino zomwe DJ anaimba. Za kuvina musade nkhawa. Masitepe a pa TikTok amavinidwa ndi kagulu kochepa kutsogolo. Ena onse amangogwedeza mapewa ndi mawondo. Liwiro la amapiano ndi loti thupi limalipeza lokha.

Ndikatuluka makutu amalira. N'zoopsa?

Inde, musazitenge mopepuka. Kulira kumeneko ndi chizindikiro choti timaselo ta mkati mwa khutu tapanikizika, ndipo tikafa sitimeranso. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti phokoso m'malo azisangalalo lisapitirire ma decibel 100 (muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo ngakhale pa mlingo umenewo khutu losatetezedwa limayamba kuvutika pakangopita mphindi zochepa. Gulani totsekera m'makutu ku famase, n'totchipa. Tilipo tina topangidwira oimba, timene timachepetsa phokoso osasokoneza kamvekedwe, ndipo ma DJ ambiri amavala. Musaime moyang'anizana ndi sipika. Besi mudzaimvabe m'chifuwa muli chapakati. Muzituluka panja kanthawi kuti makutu apume, ndipo kulirako kukapitirira masiku angapo kaonaneni ndi dokotala.

Nanga chitetezo?

Pitani ndi anzanu ndipo mubwerere limodzi. Chakumwa chanu chitsegulidwe inu mukuona, ndipo musachisiye pa tebulo n'kudzachimwanso. Nkhani zothirirana mankhwala m'zakumwa zimachitika, kwa akazi ndi amuna omwe. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo, chifukwa akuba amakonda nthawi ija log drum yagwa aliyense manja ali m'mwamba. Za ulendo wobwerera konzani musanachoke kunyumba. Ngati ndi Uber kapena Bolt, itanirani muli mkati, ndipo muone nambala ya galimoto musanakwere. Musayende wapansi usiku kufunafuna takisi, ngakhale kunyumba kuli pafupi. Ndipo achimwene, mtsikana akavina pafupi nanu sindiye kuti wakuitanani, akakana, musiyeni.

Kodi ife Amalawi tili ndi gawo lililonse mu nyimbo zamtunduwu, kapena ndife ongovina za eni?

Tili nalo, ndipo ndi lakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Will Jameson wa ku Britain atabwerako ku Malawi, anayambitsa usiku wa nyimbo za kalabu ku Liverpool mu 2000 n'kuutcha Chibuku Shake Shake. Kuchokera pamenepo ndi pamene panabadwa Lake of Stars, imene inachitika koyamba ku Chintheche mu 2004, ma DJ akunja akuimba pa mchenga pamodzi ndi oimba akwathu. Lero amapiano yadzaza m'malo azisangalalo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo oimba ngati Zeze Kingston akuiimba m'Chichewa.

Koma ngati tikukamba za zimbale, pali chimodzi chimene Mmalawi aliyense wokonda nyimbozi ayenera kuchidziwa. Esau Mwamwaya, amene anakulira ku Lilongwe, ankagulitsa katundu wa m'nyumba wogwiritsidwa kale ntchito kum'mawa kwa London pamene anakumana ndi opanga nyimbo a Radioclit. Anapanga gulu la The Very Best, ndipo mu 2009 anatulutsa Warm Heart of Africa, Esau akuimba m'Chichewa pamwamba pa zida za kompyuta, mothandizana ndi M.I.A. komanso Ezra Koenig wa gulu la Vampire Weekend. Kunja chinatamandidwa kwambiri pamene kwathu ambiri sanachimve n'komwe, ndipo zimenezi zimandipweteka. Anatsatiza MTMTMK mu 2012 ndi Makes a King mu 2015, chimene mbali yaikulu anachijambulira kumudzi wina m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Mnzanu wa ku Soweto akadzakufunsani kuti kwanu kuli chiyani, muikireni Warm Heart of Africa kuyambira nyimbo yoyamba, ndipo ulendo uno womasulira mawu mukhale inu.